Potsata dzina la Washington, kuchokera ku Durham mpaka ku Maldon

Lachinayi, Durham

Sitima yochokera ku King's Cross mu London imayenda pafupifupi maola atatu kuti ifike kuno. Tikiti yogula tsiku lomwelo imapweteka thumba. Yogula kudakali masabata angapo imatsika mtengo kwambiri, koma imakumangirira pa sitima imodzi, ndipo ikakusiya ndalama zako zapita. Siteshoni ya Durham ili pamwamba pa chitunda. Umatsetsereka mpaka kumtsinje wa Wear, kuwoloka mlatho, kenako n'kuyambanso chikweza cha miyala kupita ku tchalitchi chachikulu. Chikwama cha mateyala sichigwirizana ndi miyala imeneyi. Ndafika pamwamba ndili wefuwefu.

Ulendowu ndi wa dzina limodzi, Washington. Ambiri timalidziwa ngati likulu la dziko la America, kapena ngati dzina la pulezidenti wawo woyamba. Koma ndi dzina la banja la ku England, ndipo linalembedwa m'mabuku zaka zoposa 500 George Washington asanabadwe. Mbiri yake imayambira mumzinda uno chifukwa mwini nthaka yonse ya dera lino anali bishopu wa Durham, yemwe ankalamulira ngati mfumu, ali ndi makhoti ake ndi asilikali ake.

Mfumu William itachititsa kalembera wa minda ndi chuma mu 1086, uja amatchedwa Domesday, alembi sanafike ku Durham ndi Northumberland. Choncho wofufuza banja la kumpoto kuno akatsegula Domesday amabwerako chimanjamanja. Chomwe chilipo ndi Boldon Book, kalembera yemwe Bishopu Hugh du Puiset anachititsa mu 1183 kuti adziwe zimene mudzi uliwonse uyenera kumulipira. Buku lenilenilo linasowa, zomwe zatsala ndi zokopera za m'zaka zotsatira. M'menemo muli munthu wotchedwa William de Hertburn. Iye anapereka kwa bishopu mudzi wa Hartburn, pafupi ndi Stockton, n'kulandira mudzi wa Washington mosinthanitsa, kupatula tchalitchi ndi minda yake. Lendi yake inali mapaundi 4 pa chaka, kubwera ndi agalu awiri aliwiro pa uzimba waukulu wa bishopu, ndiponso kusonkha ndalama yosapitirira maki imodzi pakakhala msonkho wa onse. Maki inali mashereni 13 ndi mapeni 4, kutanthauza magawo awiri mwa atatu a paundi. Agogo athu amene anagwirapo ndalama kwacha isanabwere mu 1971 sangavutike ndi masamu amenewa.

Atasamuka, William anasiya kutchedwa de Hertburn n'kukhala de Wessyngton. Ka "de" ako n'kachiFalansa cha olamulira a nthawiyo, kamangotanthauza "wa ku". Nthawi imeneyo dzina lachiwiri linali lisanakhazikike pa mtundu. Munthu akasintha munda, dzina nalo linkasintha. Bishopu akanapanda kufuna Hartburn, bwenzi lero tikunena za boma la ku Hertburn.

M'khonde lozungulira bwalo la amonke muli chikwangwani chokumbukira John Wessington, mkulu wa amonke a pano kuyambira 1416 mpaka 1446. Khondelo linamalizidwa m'masiku ake. Kulowa n'kwaulere, koma pakhomo pali bokosi ndi kamakina ka khadi kopempha chopereka, ndipo oyang'anira amakumwetulira mpaka upereke.

Chakudya chamadzulo chinali stottie, buledi wozungulira, wophwatalala, wolemera, atamudula pakati n'kuikamo nyama ya nkhumba ndi pease pudding, phala lolimba la nsawawa zachikasu. Mmodzi yekha amakwana. Usiku wa mu June kuno ndi nkhani ina: 10 koloko kukadali kowala, ndipo tulo sitikubwera.

Lachisanu, Washington

Tawuni ya anthu masauzande ambiri koma ilibe siteshoni ya sitima. Umafika pa basi, kuchokera ku Newcastle, ku Sunderland kapena ku Heworth komwe kumaima Metro, sitima ya m'tawuni ya ku Newcastle. Chiyambire 2025 mabasi ambiri a ku England salipiritsa kupitirira mapaundi 3 pa ulendo umodzi, ndipo umangogunditsa khadi pakamakina ka dalaivala. Vuto ndi loti basi imakutsitsa pa depoti ya The Galleries, pakati pa masitolo, ndipo ukati "ndikufuna ku Washington" anthu amakuuza kuti wafika kale. Uyenera kunena kuti Washington Village, kapena Old Hall. Tawuni yatsopanoyi inakhazikitsidwa mu 1964 pamwamba pa midzi ya migodi ya malasha, misewu yake ndi yozungulirazungulira, yopangira magalimoto. Woyenda pansi amadutsa m'tinjira ta pansi pa misewu tomwe timafanana tonse. Amayi ena achikulire okoka ngolo yogulira zinthu anandiona ndikutembenuza foni uku ndi uku, n'kundiperekeza mpaka poonekera nsanja ya tchalitchi, ngakhale sikunali komwe ankapita. Chingerezi cha kuno ndinamvapo theka. Mawu oti "pet" amaitanira aliyense, mwana kapena wamkulu.

Mudzi wakale udakalipo pakati pa zonsezi: bwalo la kapinga, malo omwera mowa, nyumba yakale ya wosula zitsulo, tchalitchi pakachulu. Jimmy Carter anabzala mtengo pabwaloli mu 1977.

Dzina la mudziwu ndi lakale kuposa banjalo. Akatswiri a mayina a malo amaligawa patatu m'Chingerezi chakale: dzina la munthu, Hwæssa kapena Wassa, "ing", kutanthauza anthu ake kapena za iye, ndi "tun", munda kapena mudzi. Kwathu timati kwa Kabudula, kwa Chitukula, mudzi n'kudziwika ndi dzina la mfumu. Apanso zinayamba choncho, kungoti patapita zaka mazana angapo kunabwera mlendo wosakhudzana ndi Wassa n'kutenga dzina la mudziwo kukhala lake. Zoti dzinali likukhudzana ndi kuchapa zovala ndi nthabwala chabe.

Nyumba ya Old Hall imene ukuona lero si ya William de Wessyngton ayi. Yambiri inamangidwa m'zaka za m'ma 1600. Chotsala cha nyumba yakale ndi makomo awiri osongoka pamwamba, pakati pa khitchini ndi chipinda chachikulu, ndi zigawo zina za khoma ndi maziko. Ndinakhala nthawi yaitali pamakomowo. Miyala yake ndi yosemedwa mosiyana ndi khoma lozungulira, ndipo ukaiyang'anitsitsa umaona pomwe amisiri a pambuyo pake analumikiza ntchito yawo. Mfumu Edward I inagona m'mudzi muno mu 1304 pobwerera ku Scotland.

Nazi zomwe zinathetsa dzinali pamalo pake penipeni. Lamulo la ku England linkapereka nthaka yonse kwa mwana wamwamuna wachisamba. Ana aamuna akasowa, inkapita kwa mwana wamkazi, ndipo kudzera mwa iye n'kulowa m'dzina la mwamuna wake. Sir William Washington atamwalira mu 1399 anasiya mwana wamkazi, Eleanor, yemwe anakwatiwa ku banja la Tempest. Kuchoka apo malowo anapita kwa a Mallory, ndipo mu 1613 anagulitsidwa kwa Bishopu William James. Magazi anapitirira, dzina linaima. Pofika m'zaka za m'ma 1800 nyumbayi inali itagawidwa zipindazipinda za lendi, mabanja a anthu ogwira ntchito atapanikizana m'menemo. M'ma 1930 boma linati siyoyeneranso kukhalamo anthu, ndipo ikanagwetsedwa pakanapanda mphunzitsi wa m'mudzimu, Fred Hill, yemwe anasonkhanitsa anthu ndi ndalama. Inatsegulidwanso mu 1955, ndipo lero ili m'manja mwa National Trust, bungwe losamalira malo a mbiri yakale. Satsegula tsiku lililonse, ndipo m'miyezi yozizira amatseka, ndiye yambani mwaona pa intaneti.

Chipinda chimodzi chapamwamba anachisiya monga chinkaonekera m'masiku a lendi: bedi, mbaula, tebulo ndi chochapira, zonse pamalo amodzi. Alendo ambiri amangosuzumira n'kubwerera pansi kukajambula zithunzi za George. Kwa ine chipindachi ndicho chinanena zoona zambiri za nyumbayi.

Loweruka, Warton

Kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo kumadya tsiku. Newcastle mpaka Carlisle ndi ola limodzi ndi theka, motsata chigwa cha Tyne, nkhosa mbali zonse. Carlisle mpaka Lancaster sipakwana ola. Kenako umabwerera kumpoto pang'ono, mphindi 10, kufika ku Carnforth. Kuchoka apo kupita ku Warton ndi mtunda wosakwana mamailosi awiri, ndipo ndinayenda pansi mvula yamawawa ikugwa. Ambulera siithandiza chifukwa mphepo yochokera ku Morecambe Bay imaitembenuza. Jekete yosalowa madzi ndiyo yofunika.

Dzinali linapulumukira kuno, kudzera mwa mwana wamng'ono amene analibe gawo kwawo. Mwana wotere anali ndi njira zowerengeka: usilikali, unsembe, malonda, kapena kukwatira mkazi wa minda. Robert de Washington anatenga yomalizayi. Cha mu 1292 anakwatira Joan, wa banja la Strickland la ku Sizergh, n'kupeza naye minda ku Carnforth. Zidzukulu zake zinafalikira ku Warton ndi ku Tewitfield, ndipo ka "de" kaja kanagwa panjira, monga kanagwera m'mayina ambiri a ku England cha m'ma 1400. Pofika nthawi imeneyo mayina achiwiri anali atakhazikika m'mabanja ambiri. Ena anachokera ku malo ngati ili, ena ku ntchito monga Smith wosula ndi Baker wophika buledi, ena ku dzina la bambo monga Johnson, ena ku maonekedwe monga Long ndi Brown. A malo ndiwo osavuta kuwatsata, poti malo sasuntha ndipo nthaka imasiya mapepala.

Warton ndi msewu umodzi wautali wa nyumba zotuwa, pansi pa phiri la miyala ya laimu lotchedwa Warton Crag. Nsanja ya tchalitchi cha St Oswald akuti inamangidwa ndi thandizo la Robert Washington wina, yemwe anamwalira mu 1483. Mwala wokhala ndi chishango cha banjali, chomwe ndi chizindikiro chawo, unali kunja kwa nsanja, mvula n'kuudya, ndiye anaulowetsa mkati. Uyenera kuufunafuna. Bambo wina amene ankakonza mabuku a nyimbo za mawa anasiya ntchito yake, n'kuyatsa tochi ya pafoni chammbali kuti mthunzi uonetse zosemedwazo. Ukaunika molunjika suona kanthu. Chammbali mizere iwiri yopingasa ndi nyenyezi zitatu pamwamba pake zimatulukira.

Chishangocho ndi choyera, mizere ndi nyenyezi n'zofiira. "Nyenyezi" zimenezo kwenikweni ndi timagudumu ta minga ta pachidendene cha wokwera kavalo. Banjali linayamba kuchigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1300, ndipo chimapezekanso pachipata cha Hylton Castle ku Sunderland ndi pazenera la ku Selby Abbey. Mbendera ya mzinda wa Washington DC, yomwe inavomerezedwa mu 1938, inatengedwa pachishangochi, zimenezo n'zoona. Zoti mbendera ya America yonse inachokera apa zimanenedwa m'malo onse omwe ndikudutsa, koma palibe chikalata cha nthawiyo chomwe chimatero. Chinanso: ku England chishango si cha aliyense wa dzina limodzi. Chimaperekedwa kwa munthu mmodzi ndi mbadwa zake za kuchimuna, ndipo kaundula wake amasungidwa ku College of Arms mu London, yomwe inakhazikitsidwa mu 1484. Zikwangwani zija amagulitsa m'misika za "chishango cha banja lanu" n'zokongoletsera khoma basi.

Pa 4 July amakweza mbendera ya America pansanjayi. Washington womaliza m'mudzi muno anali wansembe, Thomas, yemwe anamwalira mu 1823. Moyang'anana ndi tchalitchi muli bwinja la nyumba ya wansembe ya m'ma 1300, lopanda denga, lolowa mwaulere. Ndinadya hotpot, nyama ya nkhosa yophikidwa pang'onopang'ono pansi pa mbatata zodulidwa mopyapyala, ndi kabichi wofiira wa mu viniga. Nsapato ndaziika pafupi ndi chotenthetsera, ndazipakira nyuzipepala mkati.

Lamulungu, Sulgrave

Kuyenda pa sitima Lamulungu kuno n'kuika moyo pachiswe. Ndilo tsiku lokonza njanji, ndipo chigawo china cha ulendo amakukwezani basi. Ndinadutsira ku Birmingham n'kufika ku Banbury masana, mutu ukuwawa. Kuchoka apo kupita ku Sulgrave ndi mamailosi pafupifupi 8, ndipo basi yodalirika kulibe. Takisi ndiyo njira, koma gwirizanani ndi dalaivala nthawi yodzakutengani musanatsike, chifukwa m'mudzimo simupeza ina, ndipo netiweki imabwera n'kupita.

Apa ndi pomwe dzinali linapeza ndalama. Lawrence Washington anabadwira ku Warton cha mu 1500. Ankagwira ntchito yoyang'anira minda ya Sir William Parr, ndipo ntchitoyo inamufikitsa ku Northamptonshire. Mayi ake anali Margaret Kitson, mlongo wa Sir Thomas Kitson, wamalonda wolemera wa nsalu ku London. Ndi malume wotere, kulowa m'malonda a ubweya wa nkhosa sikunali kovuta. Anakhala meya wa Northampton mu 1532, n'kudzakhalanso mu 1545. Pakati pa zaka zimenezi Mfumu Henry VIII inatseka nyumba za amonke n'kulanda minda yawo, ndipo mu 1539 Lawrence anagula kwa mfumu minda ya ku Sulgrave yomwe inali ya amonke a St Andrew ku Northampton, pamtengo wopitirira mapaundi 300. Mabanja ambiri a ku England amene lero amaoneka ngati akalekale anakwerera pamalonda amenewa. Wachibale wina anali mkulu wa amonke ku Durham, patangopita zaka zosakwana 100 wina n'kulemerera pakugwa kwa amonke.

Nyumbayo ndi yaing'ono kuposa momwe zithunzi zimaionetsera, ya mwala wa laimu, denga la masileti amwala. Pamwamba pa khomo lakumwera, m'ngodya ziwiri za mwala, muli chishango chija, chaching'ono ngati chikhatho. Pamwamba pake pali chizindikiro cha Mfumukazi Elizabeth I chowumbidwa ndi pulasitala, ndi zilembo ER. Choyambirira ndi khonde limeneli, chipinda chachikulu ndi chipinda chogona cha pamwamba pake. Mbali yakumpoto inawonjezedwa cha mu 1700 ndi eni ena, ndipo mbali yakumadzulo, yomwe inagwetsedwa kalekale, inamangidwanso m'ma 1920. Nyumbayi inagulidwa mu 1914 pokumbukira zaka 100 za mtendere pakati pa Britain ndi America chisainireni pangano la ku Ghent, n'kutsegulidwa mu 1921. George sanapondepo pano, ndipo ku England konse sanafikeko.

Tchalitchi cha St James, mphindi zochepa kuchoka panyumbayo, chili ndi zomwe ndinadzera. Pansi pali mwala wa manda wokhala ndi zitsulo zamkuwa. Chithunzi cha Lawrence chilibe mutu, cha mkazi wake Amy Pargiter chinasoweratu. Malembawo amati anabereka ana aamuna 4 ndi aakazi 7, ndi kuti Amy anamwalira pa 6 October 1564. Pamalo a tsiku la imfa ya Lawrence pali mpata. Anakonzeratu mwalawo mkazi wake atamwalira, iye n'kukhalabe ndi moyo mpaka 1584, ndipo palibe mwana amene anaitana mmisiri kudzamaliza. Dzina lalembedwa Wasshington, ndi "s" awiri. Wessyngton, Wessington, Wasshington, zonsezi ndi dzina limodzi. Mlembi ankalemba momwe wamvera, ndipo munthu mmodzi amatha kupezeka ndi malembedwe awiri pachikalata chimodzi. Wofufuza pa kompyuta amene walemba malembedwe a lero okha amaphonya theka la anthu ake.

Takisi inachedwa, ndipo ndinayamba kuwerengera kuti mamailosi 8 pansi ndi maola angati. Amayi amene ankatseka malo a tiyi anandipatsa keke yotsala osalandira ndalama, n'kuimbira dalaivalayo pafoni ya m'nyumba.

Lolemba, Northampton ndi Brington

M'mawa ndinali ku nyumba yosungira zolemba zakale za Northamptonshire, ku Wootton Hall Park. Malamulo a nyumba zoterezi amafanana m'dziko lonse. Umasungitsa malo ndi kuitanitsa zikalata pasadakhale. Umabwera ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi ndi umboni wa komwe ukukhala. Chikwama chimatsala m'kabati, bolopeni ndi yoletsedwa, pensulo yokha. Kujambula ndi foni kumafuna chilolezo cholipira. Makaundula ambiri a matchalitchi sakupatsa enieniwo, umawaona pa kompyuta kapena pa filimu.

Kwa wofuna kutsata dzina lililonse la ku England, makwerero ake ndi awa, ndipo umayambira pansi, kwa munthu amene ukumudziwa, kubwerera m'mbuyo. Boma linayamba kulemba kubadwa, maukwati ndi imfa mu 1837. Kalembera wa anthu wokhala ndi mayina a onse amayambira mu 1841. Kumbuyo kwa apo ndi makaundula a matchalitchi, omwe Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII, analamula mu 1538, ngakhale m'maparishi ambiri oyambirirawo anatayika, ndipo m'zaka za nkhondo yapachiweniweni, m'ma 1640 ndi 1650, muli mipata yambiri. Kudutsa 1538 umadalira mawilu, zikalata za minda, milandu, ndi mayina a okhoma msonkho wa pamutu wa 1377, 1379 ndi 1381. Apa m'pamene mabanja osauka amazimiririka. A Washington amatsatika mpaka 1183 chifukwa anali ndi nthaka yoti anthu azikanganirana. Wilu imaposa kaundula wa ubatizo chifukwa imatchula ubale: mwana wanga uje, mlamu wanga uje. Kaundula amangokupatsa John mwana wa Lawrence, ndipo m'banja ili a John ndi a Lawrence ali mbwee m'badwo uliwonse. Onjezani kuti ku West Sussex kuli mudzi winanso wotchedwa Washington, ndipo ku Yorkshire kuli Whashton, komwe olemba ena akale analozako molakwa.

Masana ndinapita ku Great Brington, mamailosi ngati 7 kuchoka mutawuni, m'mphepete mwa mpanda wa Althorp, kwawo kwa a Spencer, komwe anaikidwa Diana. A Spencer anali achibale kudzera kwa a Kitson aja, poti mwana wamkazi wa Sir Thomas anakwatiwa ndi Sir John Spencer. Chuma cha ku Sulgrave chitayamba kuchepa, nyumbayo n'kupita kwa msuweni wa banja la Makepeace mu 1610, ena mwa a Washington anadzakhala pamthunzi wa a Spencer. Ku Little Brington kuli kanyumba ka mwala ka 1606, pamwamba pa khomo pali mawu a pa Yobu 1:21 onena za Ambuye kupatsa ndi kutenga. Mumakhala anthu, ndiye umangoonera pamsewu.

M'tchalitchi cha St Mary manda a a Spencer ali ndi ziboliboli zopakidwa utoto kuseri kwa zitsulo. A Lawrence Washington, mdzukulu wa womanga Sulgrave, ndi mwala wathyathyathya pansi, pafupi ndi guwa. Anamwalira mu December 1616, atabereka ana aamuna 8 ndi aakazi 9 mwa Margaret Butler. Ana 17 pa chuma chongotsala pang'ono. Wachisanu mwa aamunawo, Lawrence winanso, anamutumiza ku Oxford kuti akakhale wansembe.

Lachiwiri, Purleigh ndi Maldon

Kubwerera ku London, kudutsa pansi pa mzinda kupita ku Liverpool Street, sitima ya ku Chelmsford, kenako basi ya ku Maldon, poti nakonso njanji inatha kalekale. Purleigh ili mamailosi ngati 4 kumwera, pakaphiri koyang'ana madambo a Essex, minda ya mphesa m'munsi mwake. Miyendo yatopa ndipo ndasiya kuwerenga ndalama zomwe zapita ku tiyi.

Lawrence wansembe anaphunzira ku Brasenose College ya ku Oxford n'kukhala mphunzitsi komweko. Cha mu 1633 analandira parishi ya Purleigh, yomwe inali ndi chakhumi chambiri, n'kukwatira Amphyllis Twigden. Nkhondo ya pakati pa mfumu ndi nyumba ya malamulo itabuka mu 1642, iye anali mbali ya mfumu m'dera lomwe linali la nyumba ya malamulo. Mu 1643 anamuchotsa, pomuneneza kuti ankakonda kumowa ndi kunyoza asilikali a nyumba ya malamulo. Mlandu wa mowa unkaponyedwa kwa ansembe ambiri a mbali ya mfumu, ndiye suyenera kumezedwa wosatafuna. Anakathera ku Little Braxted, parishi yosauka, pamene mkazi ndi ana anakakhala kwa achibale ku Tring. Nsanja ya tchalitchi cha Purleigh ndi ya miyala yakuda yonyezimira yosakaniza ndi yoyera, ndipo mkati dzina lake lili pamndandanda wa abusa.

Anaikidwa ku All Saints ku Maldon, tchalitchi cha nsanja ya ngodya zitatu. Malo enieni a manda sadziwika. Muli zenera lomukumbukira lomwe anthu a ku Malden, Massachusetts, anapereka mu 1928. Kaundula amati anaikidwa mu January 1652, koma kwa ife ndi 1653. Mpaka 1752, chaka ku England chinkayamba pa 25 March, ndiye tsiku lililonse la pakati pa 1 January ndi 24 March limaoneka ngati la chaka cham'mbuyo. George nayenso anabadwa pa 11 February 1731 mwa kawerengedwe kakale, lomwe ndi 22 February 1732 mwa katsopano, poti kalendala yatsopanoyo inadumphanso masiku 11. Osadziwa izi amapeza mwana atabatizidwa asanabadwe, kapena amagawa munthu mmodzi kukhala awiri.

Mwana wa wansembeyu, John, wopanda munda wolowa, analowa malonda a fodya. Mu 1656 ananyamuka pa chombo chotchedwa Sea Horse of London, chomwe chinatitimira pamchenga mumtsinje wa Potomac ku Virginia kumayambiriro kwa 1657. Anatsala komweko, n'kukwatira Anne Pope, ndipo apongozi anawapatsa maekala 700. Njira ya Robert wa ku Carnforth yomwe ija. John anabereka Lawrence, Lawrence anabereka Augustine, Augustine anabereka George.

Kulumikiza John ameneyu ndi Sulgrave kunatenga zaka pafupifupi 100. Mu 1791 Sir Isaac Heard wa ku College of Arms analembera George kumufunsa za makolo ake, ndipo George anayankha kuti nkhaniyi sankaiikira mtima kwenikweni. Mzere wa makolo womwe unafalitsidwa pambuyo pake unaloza kwa John ndi Lawrence olakwika, mpaka wofufuza mibadwo Joseph Chester anautsutsa m'ma 1860. Umboni weniweni anaupeza wofufuza wina, Henry Waters, mu 1889, mu wilu ya Andrew Knowling wa ku Tring, bambo womupeza wa Amphyllis, yomwe inatchula ana a Amphyllis mmodzimmodzi.

George sanabereke mwana. Komabe pa kalembera wa ku America wa 2000 anthu oposa 160,000 anali ndi dzina la Washington, ndipo pafupifupi 90 mwa 100 alionse anali akuda. Ukapolo utatha mu 1865, omasulidwa ambiri anadzisankhira mayina achiwiri, ndipo ili linali lodziwika kuposa onse. Sikuti onsewo anachokera kuminda ya banjali, ngakhale banjali linasunga akapolo kuyambira m'masiku a John. Mmodzi wa otenga dzinali anali Booker T. Washington wa sukulu ya Tuskegee, yemwe maganizo ake a maphunziro ndi ntchito zamanja anali pakamwa pa anthu pamene John Chilembwe ankaphunzira ku Lynchburg, Virginia, asanabwerere kwathu mu 1900 kudzayambitsa mishoni ya ku Mbombwe.

Ndatsikira kudoko la Hythe kukadya nsomba ndi tchipisi pafupi ndi ngalawa zakale za matanga ofiirira. Madzi anali ataphwa, matope okhaokha. Mchere wotchuka wa Maldon ndagula kabokosi kamodzi, mtengo wake sukusiyana ndi wa m'masitolo a ku London. Kwatsala Whitehaven, komwe anaikidwa Mildred, agogo ake aakazi a George, mu 1701, ndi Appleby komwe Augustine anaphunzira sukulu. Konseko ndi kumpoto, kufupi ndi Carlisle komwe ndinadutsa Loweruka, ndipo wokonza ulendo ngati uno ayenera kukuika pakati pa Washington ndi Warton.